Mwana wowerenga manovelo ndi mwana wosawerenga: nkhawa ikhale pa uti?

Funso

Ndine mayi wa ana awiri amene ali ku yunivesite. Wamkulu ndi mnyamata, ali chaka chachitatu ndipo akuphunzira za uinjiniya. Wamng'ono ndi mtsikana, wangomaliza chaka choyamba cha maphunziro a zaulimi. Akabwera ku holide, mtsikanayu sasiyana ndi manovelo, moti bambo ake amamukalipira kuti akutaya nthawi pa nkhani zopeka pamene ife tikugulitsa soya ndi kukongola ku banki m'khonde kuti tipeze fizi. Mnyamatayu sindinamuonepo atagwira buku lina kupatula manotsi a m'kalasi, ndipo nthawi ina yonse amakhala pa foni. Onse awiri mayeso akukhoza. Kodi mtsikanayu timuletse? Nanga kuwerenga kongosangalalaku kuli ndi phindu lanji kwa munthu amene ali kale ku yunivesite?

Yankho

Mayi, mtsikanayo musamuletse, ndipo ngati pali mwana amene ndingamudere nkhawa pa awiriwa, ndi mnyamatayo, ngakhale kuti mayeso akukhoza. Sindikupeputsa nkhawa ya bambo a anawa, chifukwa munthu amene wakhetsa thukuta kumunda ndi kulowa m'ngongole kuti mwana aphunzire ali ndi ufulu wofunsa ngati nthawi ya mwanayo ikupita pa zinthu zoyenera. Koma ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa ophunzira a ku yunivesite ndi kuchonga zimene amalemba, ndipo zimene ndaona zikundipatsa mphamvu yonena motsimikiza kuti chizolowezi cha mwana wanu wamkaziyo ndi chimodzi mwa zinthu zamtengo wapatali zimene wapita nazo ku sukuluko.

Choyamba tiyenera kukumbukira kuti pafupifupi maphunziro onse a ku yunivesite kuno kwathu amachitika m'Chingerezi, chiyankhulo chimene ana athu ambiri sachiyankhula kunyumba, pamsika kapena kutchalitchi. Katswiri wina wa kaphunzitsidwe ka ziyankhulo, Paul Nation wa ku Victoria University of Wellington ku New Zealand, anasonyeza mu 2006 kuti munthu amamva bwino zimene akuwerenga popanda kuthandizidwa ngati akudziwa mawu 98 pa mawu 100 alionse a pa tsambalo, ndipo kuti afike pamenepo powerenga mabuku ndi nyuzi za Chingerezi ayenera kudziwa mawu pakati pa 8,000 ndi 9,000, liwu lililonse likuwerengedwa pamodzi ndi anzake ochokera ku tsinde limodzi. Palibe mphunzitsi amene angaime kutsogolo kwa kalasi n'kuphunzitsa mawu ochuluka chonchi limodzi limodzi, ndipo palibe wophunzira amene angawaloweze kuchokera mu dikishonale. Mawu amalowa m'mutu munthu akamakumana nawo kambirimbiri m'ziganizo zosiyanasiyana, lero m'kamwa mwa wapolisi wa m'nkhani, mawa m'kalata ya mayi wolembera mwana wake, mpaka tanthauzo lake ndi malo ake oyenera zitakhazikika zokha. Novelo imodzi ya masamba 300 imakhala ndi mawu pafupifupi 80,000, olembedwa m'ziganizo zathunthu zimene china chikutsamira pa chinzake. Manotsi a m'kalasi masiku ano nthawi zambiri ndi timizere ta mfundo timene mphunzitsi amaonetsa pakhoma ndi pulojekita, topanda aneni ndi alumikizi, tongokwanira kukumbutsa munthu zimene wamva. Mwana amene amangodya timizere timeneti akhoza kudziwa mayina a zinthu za m'phunziro lake, koma saona mmene ganizo limamangidwira kuchokera pa chiganizo choyamba kufika pa chomaliza. Mwana wanu wamkazi akamaliza manovelo atatu pa holide imodzi, wadutsa m'Chingerezi chochuluka kwambiri kuposa chimene chili m'manotsi a phunziro lililonse limene anatenga semesita yathayi, ndipo wachita zimenezi popanda womukakamiza.

Zimenezi zinayesedwapo m'malo ofanana ndi kwathu. Mu 1980 ndi 1981, Warwick Elley ndi Francis Mangubhai anapereka mabuku ambiri a nthano zokoma m'sukulu za pulaimale za kumidzi ku Fiji, kumene ana amaphunzira Chingerezi ngati chiyankhulo chachiwiri monga ana athu. Magulu ena anapitiriza kuphunzira monga mwa nthawi zonse, kubwereza malamulo a chiyankhulo, pamene ena anapatsidwa nthawi yowerenga nthano tsiku lililonse. Ana owerenga nthano aja anapita patsogolo mofulumira pa kumva zimene akuwerenga, ndipo pofika chaka chachiwiri kupambana kwawo kunaonekeranso pa kalembedwe ndi pa malamulo a chiyankhulo omwewo amene anzawo ankawabwereza m'kalasi. Ku Britain nako, Alice Sullivan ndi Matt Brown anafalitsa mu 2013 zotsatira za kafukufuku wa anthu pafupifupi 6,000 obadwa mu 1970, amene akhala akutsatiridwa kuyambira ali makanda. Anapeza kuti ana amene ankawerenga mwa kufuna kwawo anapita patsogolo kwambiri pakati pa zaka 10 ndi 16 pa kudziwa mawu, pa kalembedwe kolondola ka mawu, ngakhalenso pa masamu, ndipo phindu limeneli linali lalikulu kuposa phindu lokhala ndi kholo la digiri. Kafukufuku ameneyu anali wa ana, koma njira imene chiyankhulo chimakulira mwa munthu siitsekeka tsiku limene walandira kalata yomuitana ku yunivesite. Keith Stanovich, polemba mu 1986, anafanizira nkhani ya kuwerenga ndi mawu a pa Mateyu 25, akuti amene ali nazo adzapatsidwa zina, pamene amene alibe adzalandidwa ndi zochepa zomwe ali nazo. Wowerenga kwambiri amawerenga mosavuta, ndiye amakonda kuwerenga, ndiye amawerenganso kwambiri. Wowerenga pang'ono amavutika, amanyansidwa nako, ndipo mpata pakati pa awiriwa umakula chaka ndi chaka.

Mwina mungafunse kuti ngati zili choncho, bwanji mnyamatayo akukhoza. Akukhoza chifukwa m'zaka zoyambirira mayeso ambiri amatheka ndi manotsi, mapepala a mayeso akale ndi kukambirana m'magulu, makamaka m'maphunziro odzaza masamu monga ake. Kusiyana kumaonekera mochedwa, ndipo ine ndimakuona chaka chomaliza, pamene wophunzira aliyense ayenera kuchita kafukufuku wakewake ndi kulemba lipoti lalitali. Amabwera mu ofesi mnyamata wanzeru, wa magiredi abwino, atanyamula nkhani ya akatswiri ya masamba 20 imene ndinamupatsa sabata yatha. Ndikaitsegula ndimapeza kuti tsamba loyamba ndi lachiwiri zadzaza mizere ya cholembera, lachitatu lili ndi mzere umodzi, ndipo masamba ena onse ndi oyera ngati sanakhudzidwe. Ndikamufunsa kuti olembawo akutsutsana ndi ndani, amandiwerengera chiganizo chimene anachidula mzere, koma sangathe kundiuza ndi mawu ake mfundo imene yayenda kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Akafika polemba, ndime zake zimakhala zidutswa zotola apa ndi apo zosagwirana, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera m'chiyeso chokopera za pa intaneti kapena kuuza mapulogalamu a pa kompyuta kuti awalembere. Mnyamata wotereyu si waulesi, ndipo mutu wake ndi wabwino. Chimene alibe ndi mphamvu yokhala pansi ndi nkhani yaitali mpaka itatha. Zili ngati munthu amene sanagwirepo khasu n'kupatsidwa ndime yaikulu tsiku limodzi: mizere iwiri yokha, manja atuluka matuza, pamene mnzake amene amalima pang'ono tsiku lililonse amafika kumapeto osadandaula. Mphamvu imeneyi imabwera ndi kuzolowera, ndipo njira yosavuta yoipezera ndi kuwerenga zinthu zimene mtima ukufuna kudziwa mathero ake.

Vutoli silithera pa digiri. Injiniya amalemba malipoti opita ku khonsolo, kwa eni ndalama ndi ku maunduna, ndipo amene amawerenga malipotiwo nthawi zambiri si mainjiniya. Ayenera kufotokoza chifukwa chake mlatho wina uyenera kukonzedwa chaka chino osati chamawa, m'mawu oti munthu wa ntchito ina amve ndi kutulutsa ndalama. Amawerenganso mapangano a ntchito a masamba ambirimbiri, mmene chiganizo chimodzi chobisika pakati chikhoza kugwetsa kampani. Olemba anthu ntchito amadandaula kawirikawiri za omaliza maphunziro amene sangathe kulemba kalata yomveka, ndipo gwero la dandaulo limeneli ndi lomweli.

Komabe sindikufuna kuteteza kuwerenga kwa mwana wanu ndi magiredi ndi ntchito zokha, ngati kuti chisangalalo pachokha n'chopanda pake. Moyo wa ku yunivesite ndi wolemetsa kuposa mmene makolo ambiri amaganizira: chipinda chothithikana, ndalama yosakwana, magetsi ozimazima, mantha oti ukalephera ubwerera kumudzi ndi manyazi. Wophunzira aliyense amafunafuna pothawira, ndipo ena amathawira ku mowa, ena ku kubetcha pa mpira kumene kwafala kwambiri pakati pa achinyamata. Mwana amene pothawira pake ndi buku wasankha bwino. Kuwonjezera apo, nthano yaitali imamuika munthu m'mutu mwa anthu ena kwa maola ambiri, anthu a msinkhu wina, a chipembedzo china, osauka ndi olemera, olakwa ndi olakwiridwa. Mwana wanu akadzakhala mlangizi wa zaulimi, ntchito yake yaikulu siidzakhala kudziwa mlingo wa feteleza, popeza umenewo uli m'mabuku a ntchito. Idzakhala kumvetsa chifukwa chake mayi wina wamasiye akukana mbewu yatsopano ngakhale waona kuti imabereka, ndipo luso lomvetsa mantha ndi zifukwa za munthu wina limakula mwa amene anazolowera kumvetsera nkhani za anthu mpaka kumapeto.

Za mnyamatayo, ndikupempheni kuti musamuone ngati wolakwa, chifukwa iye ndi chipatso cha njira imene ana ambiri a m'badwo wake anadutsamo. Maphunziro a pulaimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo makalasi odzaza ndi buku limodzi logawana ana angapo zinakhala zinthu zozolowereka. Mwana amene buku amangoliona m'manja mwa mphunzitsi, n'kulibweza belu likalira, sapeza mpata wolikonda. Ku sekondale amakumana ndi mabuku a nthano ndi ndakatulo, koma amakumana nawo ngati katundu wa mayeso a MSCE: aloweze mayina a atengambali, aloweze mfundo zazikulu, ndipo ambiri amakhoza pongowerenga timabuku tofotokozera mwachidule osatsegula nthano yeniyeniyo. Pofika ku yunivesite, mwana waphunzira phunziro limodzi lozama, lakuti buku ndi chinthu chimene umachigwira ukamaopa kulephera. Mukalowa mu laibulale ya yunivesite sabata ya mayeso mudzapeza mipando yonse yodzaza, ena atakhala pansi m'makonde, aliyense ataweramira mapepala ofotokopa. Mukapita ku mashelefu a nthano n'kutsegula buku, kapepala ka mkati mwa chikuto kamene amadindapo tsiku lobweza kamakuuzani kuti amene analibwereka komaliza anamaliza sukulu kalekale.

Sizinali choncho nthawi zonse, ndipo bambo a anawa mwina akukumbukira. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mabuku a African Writers Series, amene kampani ya Heinemann inayamba kutulutsa mu 1962, ndi timabuku ta Pacesetters ta kampani ya Macmillan, ankayenda dzanja ndi dzanja m'sukulu zogonera komweko mpaka zikuto kuthothoka. Ku Limbe, a Popular Publications ankasindikiza nthano za olemba a konkuno m'Chingerezi ndi m'Chichewa, ndipo Malawi Book Service inkafikitsa mabuku m'matauni. Ku Chancellor College, mu 1970, koleji isanasamukire ku Zomba, ophunzira ndi aphunzitsi anayambitsa gulu la Writers' Group limene linkakumana sabata iliyonse kuwerengerana ndakatulo ndi nthano, popanda giredi iliyonse yoperekedwa pa zimenezo. M'gulu limeneli munatuluka alakatuli monga Jack Mapanje, Frank Chipasula ndi Lupenga Mphande. Ankachita zimenezi pa nthawi imene lamulo la 1968 linapatsa bungwe la boma mphamvu zoletsa mabuku, ndipo Mapanje anatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Chimandipweteka mtima n'chakuti ufulu wowerenga chilichonse utabwera mu 1994, msika wa mabuku ndi umene unafooka. Malawi Book Service inatha m'zaka za m'ma 1990, masitolo otsala anatsamira pa mabuku a silabasi chifukwa ndi amene ali ndi ogula otsimikizika, ndipo buku lochokera kunja limakwera mtengo nthawi iliyonse kwacha ikagwa, monga mu Novembala 2023 pamene inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Malaibulale a mayunivesite nawo amaika ndalama zawo zochepa pa mabuku a maphunziro, ndipo ku Mzuzu University moto wa mu Disembala 2015 unapsereza laibulale yonse. Wophunzira amene akudalira ngongole ya boma kuti adye sangagule novelo yatsopano. Poganizira zonsezi, mwana wanu wamkazi wachita chinthu chovuta kupeza mabuku ndi kusunga chizolowezi chake pakati pa anzake ambiri amene alibe nacho chidwi.

Nkhani ya foni ndi yofunika kuiona mwachilungamo. Mnyamata wanu akakhala pa WhatsApp, pa Facebook kapena pa masamba a mpira, akuwerenga ndithu, mwinanso mawu ambiri pa tsiku. Kusiyana kuli pa utali ndi kulumikizana kwa zimene akuwerengazo. Uthenga wa mizere itatu sufuna kuti munthu asunge m'mutu zimene anawerenga dzulo, ndipo chala chimazolowera kukankha chinthu chikangoyamba kuvuta. Foni payokha si mdani wa buku. Bungwe la UNESCO linafalitsa mu 2014 kafukufuku wa m'mayiko asanu ndi awiri, kuphatikizapo Zimbabwe ndi Kenya, wosonyeza kuti kumene mabuku a mapepala ndi osowa, anthu ambiri amawerenga nkhani zazitali ndi mabuku athunthu pa mafoni wamba. Mu 2018, Pablo Delgado ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokhudza anthu oposa 170,000, ndipo anapeza kuti pa zolemba zofotokoza mfundo, monga za maphunziro, anthu amamva bwinoko akawerenga pa pepala, makamaka nthawi ikakhala yochepa, koma pa nthano kusiyana kumeneku sikunaoneke. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti novelo ya pa foni ndi novelo ndithu, bola munthu azimitse data kuti mauthenga asamamudule pakati. Tsamba la Project Gutenberg lili ndi mabuku akale oposa 70,000 aulere ndiponso ololedwa ndi lamulo, ndipo kukopera limodzi kumadya bandulo yochepa kuposa kanema wa mphindi imodzi. Chimene ndimawapempha ophunzira ndi chakuti mabuku a olemba a kuno amene ali moyo asamawagawane mwakuba pa WhatsApp, popeza msika wathu ndi waung'ono kale, ndipo wolemba amene sagulitsa salembanso.

Pali pamene bambo akunena zoona, ndipo mtsikanayo ayenera kumva mbali imeneyi. Buku lokoma likhoza kukhala pobisalira ntchito yovuta. Ngati iye ayamba kugona mbandakucha chifukwa cha novelo n'kujomba kalasi ya m'mawa, ngati asainimenti ikuchedwa, ngati sabata ya mayeso ikumupeza ali pakati pa nkhani yachikondi, ndiye kuti zinthu zasokonekera, ndipo mankhwala ake ndi kuika malire a nthawi, osati kumulanda mabuku. Muyeso woona ndi zotsatira zake za semesita iliyonse, ndipo inu mwanena kuti akukhoza komanso kuti zimene mukuonazi zikuchitika pa holide, nthawi imene ndi yake yopuma. Za mtundu wa mabuku, sindidandaula kwambiri. Anthu ena ophunzira amanyoza nkhani zachikondi ndi za apolisi ofufuza milandu, koma owerenga ambiri okhwima anayambira pomwepo, ndipo munthu akawerenga zambiri za mtundu umodzi amayamba yekha kuona kuti zikufanana n'kufuna zina zolemererapo. Chimene mungachite ndi kumufunsa kuti mwa mabuku amene wawerenga chaka chino ndi angati olembedwa ndi anthu a mu Africa, ndipo ndi angati a m'Chichewa.

Funso lomalizali ndimalitenga kukhala lalikulu. Ophunzira athu ambiri anasiya kuwerenga Chichewa tsiku limene analemba mayeso a Fomu 4, ndipo ena amachita manyazi kuoneka ndi buku la Chichewa pa kampasi. Komatu zolemba za m'chiyankhulo chathu zili ndi mbiri yaitali: Samuel Josiah Ntara anatulutsa Nthondo mu 1933, ndipo pambuyo pake panabwera olemba monga John Gwengwe, E. J. Chadza ndi Willie Zingani, amene mabuku awo anakula nawo anthu ambiri a msinkhu wanu. Nyuzi za kumapeto kwa sabata zimakhala ndi zigawo za Chichewa, Tamvani ndi Tikambe. Dokotala, loya, mlangizi ndi injiniya wa m'dziko muno adzagwira ntchito ndi anthu amene Chingerezi sachimva, ndipo womaliza maphunziro amene sangathe kufotokoza za ntchito yake m'Chichewa chomveka, kapena m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi ziyankhulo zina za kumene watumidwa, maphunziro ake amathera mu ofesi. Kuwerenga chiyankhulo chako sikuchotsa kanthu pa Chingerezi. Luso lotsatira nkhani yaitali ndi limodzi, ndipo limawoloka kuchoka ku chiyankhulo china kupita ku chinzake.

Tsopano mungamuthandize bwanji mnyamatayo, poti ndi wamkulu kale ndipo sangakakamizidwe. Ulaliki wonena za ubwino wa kuwerenga suthandiza, ndipo kumuyerekeza ndi mlongo wake kungangomuumitsa mtima. Chimene chimagwira ntchito ndi buku loyenera kufika m'manja mwake pa nthawi imene ali ndi mpata. Anyamata ambiri amene amati sakonda kuwerenga amatanthauza kuti sakonda nkhani zopeka, ndipo kuwerenga kosangalala sikutanthauza manovelo okha. Mbiri ya moyo wa munthu, mbiri ya dziko, nkhani za mmene milatho, ndege kapena makampani akuluakulu anayambira, ngakhale mbiri ya wosewera mpira amene amamukonda, zonsezi ndi mabuku athunthu ofuna kukhala nawo pansi. Kwa wophunzira za uinjiniya wa ku Malawi, ndingayambe ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, imene inatuluka ngati buku mu 2009 ndi mutu wakuti The Boy Who Harnessed the Wind. Kamkwamba anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kumakabwereka mabuku mu laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulaimale ya kwawo. Buku lina la sayansi lotchedwa Using Energy, limene panalibe mphunzitsi anamutuma kuwerenga ndiponso panalibe mayeso olembapo, ndi limene linamupatsa ganizo lopanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa, ndipo pambuyo pake anakamaliza digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014. Mwana wanu adzapezamo malo, zakudya ndi mavuto amene akuwadziwa, pamodzi ndi mawaya ndi madayinamo a ntchito yake.

Kopeza mabuku kulipo ngakhale ndalama zili zochepa. National Library Service, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi m'maboma ena, ndipo kulembetsa kuti uzibwereka n'kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kugula buku limodzi. Laibulale ya yunivesite yake ili ndi shelefu ya nthano ndi mbiri imene khadi lake lomwelo limamulola kubwerekako. M'misewu ya m'matauni muli ogulitsa mabuku akale oyala pansi, ndipo mtengo wake ndi wokambirana. Ophunzira asanu akagula buku limodzi aliyense n'kumasinthana, aliyense wawerenga asanu pa mtengo wa limodzi. Mumuuze zinthu ziwiri zimene sukulu siinamuuze. Choyamba, buku lowerenga mwa kufuna kwako uli ndi ufulu wolisiya: akawerenga masamba 40 osakokedwa nalo, alibweze atenge lina, chifukwa kudzikakamiza kumaliza buku losakoma ndi kumene kumapha chidwi mwa oyamba kumene. Chachiwiri, nthawi yofunika ndi yochepa kuposa mmene amaganizira. Masamba 10 pa tsiku, amene ndi mphindi 20 kapena 30 asanagone kapena ali mu minibasi, amamaliza buku la masamba 300 pa mwezi umodzi. Masiku oyamba adzaona kuti maganizo akuthawathawa ndipo dzanja likufuna foni. Zimenezi zimachepa pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, ndipo liwu lachilendo asamaimire kulifufuza pokhapokha ngati likumutsekera nkhani.

Kwa bambo a anawa, njira yabwino ndi yoti adzionere okha m'malo motsutsana nawo. Madzulo ena mutatha kudya, mupempheni mtsikanayo akufotokozereni m'Chichewa nkhani ya buku limene akuwerenga, kuyambira pachiyambi, ndipo bambo amufunse mafunso monga mmene angafunsire munthu wobwera ku ulendo: anachitiranji zimenezo, analakwa ndani, iweyo ukanatani. Adzamva mmene mwana wawo akusanjira nkhani yaitali, kusiyanitsa zazikulu ndi zazing'ono ndi kuteteza maganizo ake, ndipo limeneli ndi luso lomwelo limene adzayesedwe nalo akadzaima pamaso pa aphunzitsi kuteteza kafukufuku wake chaka chomaliza. Kenako mugwirizane naye poyera kuti zotsatira za semesita iliyonse azikuonetsani, kuti sabata za mayeso manovelo aziyamba adikira, ndipo kuti pa holide ikubwerayi abwere ndi mabuku awiri owonjezera, lina la m'Chichewa loti muwerenge inu ndi bambo, lina loti asiyire mchimwene wake.